Mabauti Yanai ya Batata

Ba Kangwa,

Kodi motoka yanu ikalumpha pa mwala, mumamvela chinthu chilila pansi? Yambani mwaganiza, ndiye mubelenge vinangu.

Muli bwanji uko ku kampu? Ise kuno ku George tili chabe. Bamayo chifuba chinasila, bayambanso kugulisa tomato pa mseu. Mufana wathu Chipego zino inachoka, ati nikuuzeni. Foni yanu nayesa maningi, ayankha chabe ni muzimai uja wokamba ati siipezeka. Ndiye nalemba. Musaseke, ba ticha bakamba ati manje nayamba kulemba bwino.

Kuchokela pamene motoka ya kasitoma inagwela batata pa jeki, pa nyumba pano sitikamba vya magalimoto. Koma lelo nizakamba.

Mukumbuka siku logaba katundu wao? Imwe munali mu nyumba na bakulu. Panja bayama Lazarous banakamba ati mwana wa mulongosi wao sangabwelele ku sanga na oilo yakuda, bazachinja beve monga chopepesa malilo. Banamasula chipuleti chija cha nsimbi, chamene batata banakuikilani pansi pa injini kuti miyala isamenye. Mabauti banaponya mu chitini cha penti cha batata. Ninaona, ninali kusuka mbale pafupi.

Pamene bayama banali kusamba ku manja, babululu ba batata banatuluka kutenga vinthu. Uyu jeki, uyu masipanala, uyu ovolosi. Chitini chinagwela ba anti Chisala. Bayama banachiona chiyenda, koma muziba, munthu wa kuchikazi sangapemphe chinthu chamene chagabiwa kale. Bangakambe ati alimbilana chuma cha malemu. Banangopita pa kantemba, banagula mabauti yenangu.

Sabata yatha ba anti babweza chitini. Ati chimalila mu nyumba mwao masana, kulibe wochigwila. Ati nsimbi za mulongosi wanga zanikana. Banasiya pa khomo, manzi yakumwa banakana.

Ninasegula. Pamwamba panali mabauti yanai, yakali na oilo. Yafupi, kumapeto yodula na sowo, pa mutu kapenti ka yelo. Ni yanu, ba Kangwa. Ninalipo pamene batata banali kuyadula, ninabapelekela tiyi. Banali kukamba bekha monga mwa masiku yonse. Ati pa motoka iyi bowo siyenda patali, bauti ikatalika imafika kumapeto ikalibe kugwila chipuleti. Sipanala imakana, iwe uganiza wamanga, kansi chipuleti chili lende. Ati ya kusogolo ndiye yoipa, ikapitilila nsonga imayang'ana poto ya oilo. Mwala umodzi chabe, yalasa, oilo yonse pansi, uli pakati pa njovu.

Ninayenda kwa bayama. Muniziba, sinimakamba na bakulu. Ninafunsa ngati yamene banagula yanali yolingana. Banaseka. Ati bauti itali ndiye yolimba, ati banamanga mpaka sipanala inakana, banachita kuponda na mwendo. Ati iwe Nsofwa yenda ukaphike, vya pansi pa motoka vinadya kale munthu pa nyumba yanu. Ndiye ninatambasula kwanja, ninabaonesa mabauti ya batata. Pamene banaona kapenti ka yelo, kuseka kunasila. Banayang'ana nthawi itali, ndiye banafunsa ngati mwatumako foni. Kuchokela apo babwela kabili-kabili, bafunsa chimodzimodzi, sibangena mu nyumba.

Kuseni kwamene munanyamuka, pamene munajumpha ngalande ya pa geti, ninamvela khwee pansi. Ninaganiza ni mabotolo. Ninali chabe kukubaibisani.

Manje nimamvela vinangu. Batata bakasiliza kumanga banali kugogoda chipuleti na sipanala, khutu pafupi, kuti bamvele ngati chagwila. Kugogoda kwamene uko nimakumvela. Pa laini ya manzi, mu kilasi, maka-maka pa malo paja pakuda na oilo pamene tinabapeza. Zuba ili pa mutu, bantu bapita. Nikayang'ana, ni nkhuku chabe zipalasa. Siku ina ninagwesa chigubu cha manzi, bazimai banaseka ati namwa.

Sinikamba ati ni batata. Ba pasta ati bakufa sibabwela. Koma ngati ni beve, sibanakalipe. Munabaziba, sibanali kudya nchito ikalibe kusila.

Bamayo ati nitaye mabauti mu chimbuzi, vya bakufa vikayamba kulila sivisungiwa. Ninavomela na pakamwa. Ninabisa mu sokosi ya ku sukulu.

Niziba vamene munalumbila ku manda, ati simuzagonanso pansi pa motoka mpaka imfa. Ninali kumbuyo kwanu, ninamvela. Naine nikaona mapazi ya munthu yatuluka pansi pa minibasi nimapita njila ina. Koma napapata, ba Kangwa, phwanyani lumbilo kamodzi chabe. Osakweza pa jeki. Imikani pamwamba pa mugodi wokonzela motoka, muike miyala ku mawilo, munzanu aimilile pafupi. Chosani ya bayama imodzi-imodzi, muike aya. Ngati mutima wakanilatu, pasani wina sipanala, imwe mugwade muone na maso yanu. Musanyamule bantu mukalibe kuchita ivi. Mvula ili pafupi, miseu yanu izakhala miyala yekha-yekha.

Mwina nalakwisa. Mwina ya bayama yagwila bwino, muzaniseka mukabwela pa Khisimasi. Nisekeni, nizakondwela. Koma bamayo sibangakwanise kukhala pa mphasa ya malilo kabili chaka chimodzi.

Mabauti namanga mu kansalu pamodzi na kalata iyi. Ba Mwanaima, baja bogula nsomba zouma ku Mpika, bavomela kupasa dalaivala wa loli yamene imaleta vakudya ku kampu kwanu. Nifunika kuyenda manje, banilindila pa siteshoni, ndiponso bamayo bali pafupi kubwela kuchoka ku mseu. Bakanipeza nayo bazataya bekha.

Mulungu akusungeni mu njila zonse. Mupeleke moni kwa ba Musonda bamene mukhala nabo. Mukamanga, kwelani pa chulu paja pamagwila netiweki, munibipe chabe, olo osakamba. Nizayenda kuuza bayama kuti baleke kuimilila pa geti.

Ndine mufana wanu,
Nsofwa