Mpando Umodzi pa Mpikisano wa Zilapi

Loweruka, 4 Meyi

Tsiku langa ndi Mafunso. Amake amutula pageti, osalowa ayi, ngati m'nyumba muno muli nsikidzi. Mwana wanga waguluka dzino lina lakutsogolo, koma pakamwa liwiro silinatsike. Zaka zisanu ndi zitatu, kufunsa ngati wapolisi.

Kusukulu kwawo kwabuka zilapi, zija zokola anthu. Mbalame khumi pawaya, mlenje waombera imodzi, zatsala zingati? Ndinayankha asanamalize: palibe, zonse zathawa. Kilogalamu ya miyala ndi kilogalamu ya thonje, cholemera n'chiti? Aaa, kufunsa ine? Mphunzitsi wa masamu wa kusekondale, zaka zonsezi ndikupuma fumbi la choko? Zonse ndinakhoza. Mwana anangoti "ohoo" n'kupempha makatuni.

Nkhani yaikulu: pa 24 kuli mpikisano wa zilapi kusukulu kwawoko. Mwana aliyense apite ndi kholo limodzi, akakhale naye patebulo. Mpando ndi umodzi. Ine kapena Magalasi, mwamuna watsopano wa amake. Akuti mwana asankhe yekha. Asankhe kumene. Nanga pali mpikisano apa?

Lachiwiri, 7 Meyi

Mayeso a sabata yatha, theka la kalasi lagwa chagada. Cholembera chofiira chauma. Nsapato yakumanzere yayamba kumwa madzi, ndipo mwezi ukadali kutali.

Ndabwereka buku la zilapi kulaibulale, ndinati n'la mwana wa mlongo wanga. Ndikuloweza nthawi yopuma. Mnzanga wa sayansi wandipeza ndikujambula bwato, mbuzi ndi kabichi za m'chilapi china kuseri kwa pepala la mayeso. Akuti kodi kunyumba kuli bwino? Kuli bwino kwabasi. Munthu akunola mpeni.

Magalasi amagulitsa mankhwala. Sukulu anapita, sindikana. Koma kuwerenga mapiritsi ndi kuganiza n'zinthu ziwiri.

Loweruka, 11 Meyi

Wafunsa, ndakhoza. Wafunsa, ndakhoza. Cha othamanga chija, chakuti ukapitirira wachiwiri uli nambala chani, ndinamujambulira papepala kuti amvetse chifukwa chake umakhala wachiwiri. Akuti akudziwa kale, chilapicho wabwera nacho ndi iye.

Kenako anayamba kuseka yekha mpaka tiyi kutulukira m'mphuno. Akuti anawafunsa ankolo, Magalasi ameneyo, za tambala woikira dzira padenga, kuti ligwera mbali iti. Munthu anaganiza mpaka kuvula magalasi. Anatuluka panja kukayang'ana denga, ananyowetsa chala kuti amve mphepo, n'kunena kuti ligwera kumadzulo. "Ankolo sadziwa chilichonse, adadi!"

Ndinasangalala, ndisaname. Chigoli changa chimenecho. Koma kuseka koteroko m'nyumba muno sikunamvekenso chichokereni iye ndi amake. Chandiwawa pamtima, ndipo sindikudziwa kuti ndakhoza pati n'kulakwa pati.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndinawaimbira amake, kunamizira za yunifolomu. Ndinaponyamo mawu, kuti amuna anuwo akamuchititsa manyazi mwana ndi dzira la tambala. Anaseka kuseka kuja ndinkadana nako chaka chomaliza cha ukwati wathu.

Mawu awo akadali m'khutu: "Bambo a Mafunso, mukuganiza kuti munthu wamkulu sadziwa kuti tambala saikira? Mwana akamafunsa chilapi safuna yankho, amafuna akukoleni. Inu mumapikisana ndi mwana wopanda mano."

Foni gwa. Mayunitsi anga, mwano wawo.

Buku ndabweza. Tsono kulephera amakuphunzira kuti? Ndikanawafunsa ana anga a m'kalasi, akatswiri aja, koma ulemu ungathe.

Loweruka, 18 Meyi

M'mawa ndinayeserera pagalasi. Kukanda mutu, kukwinya nkhope, kuyang'ana kudenga. Ndinkaoneka ngati wodwala dzino.

Mafunso atabwera anafunsa kuti ndi miyezi ingati ili ndi masiku 28. Yonse, aliyense akudziwa. Ndinakanda mutu, ndinausa moyo, ndinati umodzi, Febuluwale. Mwana anandiyang'ana nthawi yaitali, lilime lili pamene panali dzino paja.

"Adadi, mukunamizira. Ankolo amalephera bwino."

Moti ngakhale kulephera ndalephera. Koma abale.

Za mpando sananene. Ine sindinafunse, mantha. Pochoka anatsuka mswachi wake wa kuno n'kuuimika m'kapu pafupi ndi wanga, ngati masiku onse. Nyumba zii.

Lachinayi, 23 Meyi

Uthenga wochokera kwa amake: "Wasankha inu. Akuti akufuna akapambane."

Eyaa! Chilungamo chilipo pansi pano. Ndasita malaya oyera aja, kolala yokha kawiri. Nsapato wosoka waimata, ndamuuza tionana mwezi ukatha. Kalasi ya mawa masana mnzanga wa sayansi andigwirira. Magalasi akhale ndi dzira lake.

Lachisanu, 24 Meyi

Tapambana. Timipando ta ana, mawondo kufika pachibwano. Makolo ena thukuta kamukamu, bambo wina wa taye anakanirira kuti mbalame zatsala zisanu ndi zinayi mpaka mwana wake kulira. Ine ndinkangonong'oneza, Mafunso n'kukweza dzanja. Mphotho, bokosi la makrayoni.

Magalasi anaima panja pazenera nthawi yonse, dzuwa likumuwomba. Ataitana dzina la mwana, iye ndi amene anaomba m'manja kuposa aliyense. Ndinayesa kudana naye, sizinatheke.

Potuluka mwana anandikokera pansi pa mtengo wa pageti, bokosi alikumbatira pachifuwa. Akuti ali ndi chilapi chopeka yekha, anasungira ine chifukwa ankolo sangachithe. Ndinakonza kolala, ndinati bwera nacho.

"Mwana ali ndi nyumba ziwiri, mabedi awiri, miswachi iwiri. Aphunzitsi akati aliyense azipita kwawo, iye apite kuti?"

Ndinakanda mutu. Ulendo uno osati za pagalasi zija. Ndinayang'ana galimoto ya amake kutsidya kwa msewu, ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinati ndagonja mama, tandiuza. Ndinadikira kuseka kuja, kwa tiyi m'mphuno. Sanaseke.

"Nanenso sindikudziwa. Ndimayesa inu mumadziwa zonse."

Amake analiza hutala. Anathamanga, bokosi likulira khochokhocho.

Mawa ndi Loweruka. Abwera, ndipo afunsanso.