Wotsala Pabenchi

Kaluluma, Kasungu

Wokondedwa mlongo wanga Wyson,

Landira moni wochokera kwa tonse kuno kumudzi. Uli bwanji ku Joniko, ndi kuzizira kumene umadandaula kuja? Ife tili bwino, kupatula amama amene miyendo ikuwavutabe. Fodya tatha kuthyola, pano tili pakusankha.

Khala pansi kaye. Adada akukwatira. Usadzidzimuke, mkwatibwi wake ndi amama omwewa.

Ukudziwa kuti chibadwire chathu amama sanalandirepo Ukaristia, chifukwa ukwati wawo sunadalitsidwe kutchalitchi. Anzawo akamapita kutsogolo, iwo amatsala okha pabenchi ngati mlendo. Adada nawo, eni ake a mawu oti Mulungu kulibe, ankati sangakagwadire munthu wovala mkanjo. Iwe unatengera iwowo, mpaka unalumbira kuti m'tchalitchi sudzapondamonso.

Miyezi yapitayi wansembe watsopano wa parishi yathu, Bambo Mphepo, anabwera kudzazonda amama. Anatipeza m'chigafa. Ine ndinaganiza kuti lero pabuka moto. Koma iwo anangokhala pathumba n'kuyamba kusankha nafe fodya, mosokoneza ndithu, mpaka adada anachita kuwaphunzitsa.

Adada ndiwo anaiyamba. Anati ku okushoni munthu amene sanabzalepo fodya ndiye amatchula mtengo wa fodya wawo, nanga kunonso bishopu amene sanakwatirepo ndiye aziyeza ukwati wawo? Anafunsa kuti mphamvu imeneyo anampatsa ndani.

Bambo Mphepo anaseka, nati funsolo ndi lolasa. Anati iwo amakhulupirira kuti mphamvuyo inachokera kwa Yesu kudzera mwa atumwi, koma akudziwa kuti adada yankho limenelo siliwakhutitsa. Anavomeranso kuti nthawi zina atsogoleri a mpingo apweteka nayo anthu mphamvuyo. Adada anandiuza kuti nditereke tiyi, ati munthu wodziwa kuvomera sabwerera pakhomo pawo kukamwa kuli gwaa.

Kuyambira pamenepo ankabwera kawirikawiri. Palibe anagonja, palibenso anakweza mawu.

Tsiku lina adada anabwereza zija amanena nthawi zonse, zoti amama angopita ku parishi ina kumene sakudziwika akalandire. Amama anaika fodya pansi. Anati atopa kumva amuna awiri akukambirana za pakamwa pawo iwo ali pomwepo. Anati lamulolo palibe anawakakamiza, anasankha okha kulimvera, ndipo chakudya cha Ambuye sangachidye mwakuba. Anati zaka zonsezi akhala chete chifukwa sanafune kuti mwamuna wawo akaname pa guwa, koma tsopano miyendo ikutha, ndipo akufuna akafike kutsogolo kuja akuyenda okha, osati chonyamulidwa.

Wyson, ine ndinalira. Ndimakhala nawo nyumba imodzi, koma sindinkadziwa kuti zimawapweteka chotere.

Kenaka adada anafunsa Bambo Mphepo ngati adzayenera kunena kuti akhulupirira. Bambo Mphepo anati ayi, ndipo atayesa kutero iwo omwe angawaletse, chifukwa lingakhale bodza. Chofunika ndi chilolezo cha abishopu ndi lonjezo la adada kwa amama basi. Adada anati za abishopuzo sakuzivomerezabe ndipo mtsutsowo sunathe, koma lonjezolo si lachilendo kwa iwo.

Chilolezo chabwera. Ukwati uliko tikangogulitsa mabelo omaliza.

Tsono pempho ndi ili: bwera. Lumbiro lako ndikulidziwa, ndipo palibe akuti usinthe maganizo. Bambo Mphepo akuti angakondwe kutsutsana nawenso, tiyi alipo. Koma akukuitana ndi adada. Akuti tsikulo amama akadzanyamuka kupita kutsogolo, wotsala pabenchi adzakhala iwowo, ndipo angodziwa kumene kuti malo amenewo si okhalapo munthu yekha. Akufuna udzakhale pambali pawo.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Perpetua ndi ana. Mulungu amene umamukanayo akusunge, ndipo akufikitse kuno bwino.

Ndine mlongo wako,
Feliya