Malo a pakati a Eudomar

Gulu: kusamuka kwa Eudo (Nerio, Eudomar, Zulay)

LACHIWIRI

Nerio 16:05
firiji ndidzatenga loweruka. pickup ndapeza ku Fahaheel

Zulay 16:07
bho compadre. mutengenso mapoto, sindingakwere nawo ndege mpaka kwathu ku Maracaibo

Eudomar 16:09
mayi akunyumba, za mapoto zisiyeni kaye. Nerio line up ya fainolo ili kuti? manager wanji iwe, baseball lachisanu koma mpaka pano zii

Nerio 16:31
ndikuikonza

Eudomar 16:32
zaka zonsezi umatumiza lolemba

Eudomar 16:50
Nerio

Nerio 17:20
[voice note 0:48] compadre ndimvere kaye usanapse mtima. ma Filipino amene tikusewera nawo aja pitcher wawo akaponya mpira umachita kulira. tikapanda kumenya, chikho tingochionera patali. ku outfield, kutali kowakha mipira yomenyedwa, malo ndi atatu basi. kumanzere Osmel, kumanja Tito, onsewo amamenya. pakati ndikuganiza zoika Keiber. mwana uja season ino ma home run 6, mpira mpaka kuseri kwa mpanda. iwe... iwe ukudziwa wekha

Eudomar 17:22
ndikudziwa chani. nena

Nerio 17:24
wafika pa base kawiri season yonse compadre. kamodzi mpira unachita kukumenya iweyo mnthiti nkukupatsa base yaulere

Zulay 17:24
kkkk pepani ndaseka

Eudomar 17:29
sekani. Keiber wakoyo mpira ukakwera mmwamba amathamangira kutsogolo, mpira nkugwera kumbuyo kwake. sabata yatha anapatsa anthu ma run awiri aulere. mipira imene ndimawakha ine palibe amaiwerenga cz run yomwe sinalowe pa bolodi salemba

Nerio 17:31
amapereka awiri nkubweza anayi

Eudomar 17:33
nde pitcher wathu umufunse akufuna ndani kumbuyo kwake

Nerio 17:34
ndamufunsa. akuti akufuna ma run

Eudomar 17:41
ntchito yatha, iqama, chitupa chokhalira kuno, aidula, ndege lamulungu. iyi ndi game yanga yomaliza Nerio. kwathu ndani angapatse malo nkhalamba ya zaka 56

Nerio 17:58
ndikhoza kukuika kumanja Tito akhale pa benchi

Eudomar 17:59
kumanja nkumene timabisa ma accountant a mimba. ground ya ku Ahmadi ija miyala ya pakati ndinatola ndi manja angawa isanakhale ground. iwe unali pa mthunzi kumwa tiyi wa karak

Nerio 18:00
ndinali ndi msana

Nerio 18:26
compadre?

LACHITATU

Zulay 10:14
compadre Nerio, Eudo wapita kukabweza makiyi ku kampani, foni waiwala pa tebulo. ndifufuta izi asanabwere

Zulay 10:16
[voice note 1:05] chimuuzireni kuti ntchito yatha munthuyu sanalire, sanatukwane, palibe. mkate wake wa arepa akudya theka. zovala zake ndapakira ndine, mabuku ndine. chimene wakana kuti ndiike mu bokosi ndi gulovu yake ya baseball ija. akuti Zulay ntchito anditengera koma lachisanu ndi langa. ndikumva chisoni compadre, sindinamuonepo chonchi. chikho mudzachipeza chaka china. iyeyu kuno chaka china alibe

Nerio 10:40
comadre mukuganiza ine ndikugona? anyamata aja lachisanu lililonse amadzuka kusanache kuthawa dzuwa, ena amachokera ku shift osagona. fainolo sitinafikepo chiyambire timuyi

Nerio 10:42
ndipo ndikamuika, ifike nthawi yake yomenya ma base atadzaza, aphonye katatu tiluze. adzapita nazo kumudzi zimenezo?

Zulay 10:43
bola apite nazo. ndi zake

Nerio 10:44
ndiganize

Zulay wafufuta mauthenga atatu, Nerio wafufutanso atatu

Nerio 15:12
Eudo imva izi. game ili ndi zigawo 7, ma inning 7. Keiber ayambe pakati, atipezere ma run. ikangotha 5 ndimutulutsa, 6 ndi 7 ulowa iwe kudzatseka chitseko. pamenepo sitifunanso bat, tifuna munthu wosagwetsa mpira

Eudomar 15:30
zoona izi kapena ukundipatsa switi ngati mwana

Nerio 15:31
zoona. mpira womaliza udzauwakha iwe

Eudomar 15:32
lumbira

Nerio 15:33
pali Marielis amene ndinamunyamula pa ubatizo

Zulay 15:33
mwana wanga musamulowetse mu za baseball pls

Eudomar 15:47
ok

Eudomar 15:49
Keiber umuuze mpira ukakwera ayambe wabwerera mmbuyo, kutsogolo azibwera pambuyo. ndipo mmawa dzuwa limakhala kumaso, abwereke magalasi anga

Nerio 15:50
zkm compadre

LACHISANU

Zulay 06:35
anthu onyamula mabokosi afika, sinditha kubwera. wina azindiuza

Eudomar 06:37
ndikuuzani ine mayi. pa benchi ntchito yanga nchani

Eudomar 06:58
inning 1 yatha. 2-0 ife. Keiber wamenya, Nerio akuvina ngati wagwidwa ndi nyerere mu thalauza

Eudomar 07:31
Keiber wagwetsa mpira wophweka, alowetsa imodzi. ndangokhala chete

Zulay 07:32
inu chete? kkkk

Eudomar 07:33
ndatsokomola pang'ono

Eudomar 07:55
6-1. pitcher wawo lero alibe kalikonse

Eudomar 08:14
8-1, inning 4 yatha. anyamata akumenya ngati akupuntha kapeti

Zulay 08:15
nde akulowetseni pompano bwnj

Eudomar 08:16
tinapangana ikatha 5. musiyeni manager agwire ntchito

Eudomar 08:29
5 ikutha, tikumenya ife. ndikukatenthetsa mkono, foni ndasiya. mayi lero ndili ngati kamnyamata kkk

Zulay 08:30
pitani bambo anga. Mulungu akhale nanu

Zulay 08:55
nde?

Zulay 09:20
mwalowa?

Zulay 09:48
pa status ya mkazi wa Osmel ndaona chikho. congrats!! koma pa chithunzi Eudo sindikumuona

Zulay 10:05
compadre Nerio

Zulay 10:06
missed voice call

Nerio 10:37
wafika?

Zulay 10:38
ayi. chachitika nchani

Nerio 10:44
[voice note 1:12] comadre... inali 8-1, anthu awiri pa base, kwatsala munthu mmodzi kuti inning ithe Eudo alowe. Keiber nkuumenya mpira mpaka kuseri kwa mpanda. 11-1. ampaya, woyimbira game, nkukweza manja kuti game yatha. lamulo lija, mukatsogola ndi ma run 10 pa inning 5 salola kupitiriza. ine ndinali nditaiwaliratu, ndinalumpha nawo comadre, ndinalumpha. nditacheuka ndinamuona ataima pa mzere, gulovu atavala kale, kapu atakonza. ndinapempha ampaya inning imodzi yokha, ma Filipino anavomera, koma Eudo anati ayi, osandichitira za maliro ndili moyo. anapita kwa Keiber, anamukumbatira, nkukwera galimoto

Zulay 10:51
8-1 compadre. pa inning 4. munkaopa chani

Nerio 10:53
sindikudziwa

Nerio 10:53
ndinati tinapangana 5

Nerio 10:58
ndinkaopabe kuluza comadre. ngakhale pa 8-1

Zulay 11:26
wafika. ali bho, anakaima ku nyanja. walowa kuchipinda

Nerio 11:27
Eudo

Nerio 11:27
m'bale wanga pepa

Nerio 13:15
anyamata ali kwanga, taitanitsa mpunga wa machboos. palibe akudya bwino. bwera chonde

Nerio 16:02
missed voice call

LOWERUKA

Nerio 08:10
timu yagwirizana chikho upite nacho iwe. onse avomera, woyamba kunena anali Keiber

Nerio 09:45
ukuwerenga compadre, ndikuona

Eudomar 11:20
manager sanalakwe. unafuna ma run unawapeza. chikho chikhale ndi amene anasewera

Nerio 11:21
usatero aise

Nerio 11:22
ndibwere tikaponyerane mpira ku ground madzulo ano, awiriwiri. ndikumenyera mmwamba mpaka utope

Nerio 12:40
Eudo

Nerio 15:05
ok mawa ndikuperekezani ku airport. nthawi yanji

Zulay 15:30
taitana kale taxi compadre, musavutike

Nerio 15:31
pali chimene ndingathandize? chilichonse comadre, ngakhale kukachapitsa zovala

Zulay 15:52
palibe. ndinasiya sopo pang'ono dala kuti ndidzachapire yunifomu yake, cz lachisanu lililonse imabwera ngati yagona mu ngalande

Zulay 15:53
ndaiyang'ana mmaondo, pachifuwa, kumbuyo. ilibe ndi fumbi lomwe. ndangoipinda ndaika mu chikwama