Za phala la Sidik ndi mtolo wa Che Amosi

Ndakhala pansi kulemba lero Lachinayi, dzuwa litapendeka, nditangomaliza kuswali. Amene aone zilembo zokhota asaseke, sukulu yanga ndi ya kwacha.

KOMITI YA KALABU YA AMAYI, NGOKWE

Tsiku: Lachitatu, 14 Juni 1978.
Malo: pansi pa mango, pomwe timakoleka sikelo ya ana.
Opezeka: Abiti Laisi, wapampando, Abiti Uladi, wachiwiri wawo, Mayi Janet, mlangizi wochokera kuboma, ndi ine mlembi, Abiti Ajibu.
Oitanidwa: Lukiya, mwana wa Abiti Uladi, mwamuna wake Che Amosi, msodzi wa ku Chiuta, ndi mwana wawo Sidik, wa zaka ziwiri.
Osapezeka: Abiti Sadiki, akuti mutu. Mutuwo tinauona ukupita kumsika utasenza dengu.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi duwa, pemphero lathu la Chisilamu, nakumbutsa kuti aliyense aziyenda ndi khadi la chipani. Tonse tinaonetsa.

2. Zamsonkhano wapita

Mlembi anakumbutsa kuti mwezi watha Sidik anatupa mapazi ndi masaya, tsitsi linafiira, ndipo anasiya kuyenda. Abiti Uladi anati limeneli ndi tsempho, lomwe kuno timati ndaka, ndiye kuti mkamwini wawo anayenda njira zokhota pokagulitsa nsomba ku Liwonde, atenge mtolo wake azipita kwawo. Mayi Janet anati mwanayo anamuchotsa kubere msanga nangomusiya ndi phala la ufa woyera. Komiti inagwirizana kuti Che Amosi asathamangitsidwe kufikira sikelo ina, ndipo mwana adye phala la mgaiwa lothira nsinjiro, matemba osinja, nkhwani ndi dzira.

Onse anavomera kuti zolembedwazo n'zoona, kupatula Abiti Uladi amene anati dziralo iwo sanavomere.

3. Lipoti la Lukiya

Lukiya anati phalalo wakhala akuphika m'mawa, masana ndi madzulo. Poyamba mwana ankalavula, tsopano amanyambita ndi sipuni yomwe. Anati mazira ankachita kukapempha kwa wapampando, chifukwa mayi ake, omwe ali ndi nkhuku zodzaza khola, amati mwana wodya mazira amakula wakuba.

Che Amosi anafunsidwa za matemba. Anati amabwera nawo. Mlembi anafunsa kuti nanga kale ankapita kuti. Anayang'ana pansi nati, "Kumsika, agogo. Kunyumba ndinkasiya fungo lokha." Anabwera atamangiratu mtolo wawo, mphasa ndi malaya awiri, ndipo anaukhalira msonkhano wonse.

4. Sikelo

Mayi Janet anamuveka Sidik kabudula wa sikelo namukoleka. Muvi unaima m'munsi mwa pomwe unaima mwezi watha.

Abiti Uladi anaimirira, ngakhale sanapatsidwe mpata. Anati, "Mwaonatu. Nsinjiro zanu zija zapita kuti? Mwana wapepuka. Che Amosi, njira ya kwanu mukuidziwa, sinamere udzu."

Lukiya anayamba kulira. Che Amosi anamanganso mfundo ya mtolo yomwe inali yomanga kale.

Mayi Janet anati, "Iyayi amayi, chomwe chinkalemera mwezi watha ndi madzi. Mwana wotupa akayamba kuchira, madzi amachoka kaye, mnofu umabwera pambuyo." Anapempha Abiti Uladi kuti adinikize chala paphazi la mdzukulu wawo monga anachitira tsiku lija, pamene chala chinasiya dzenje loti n'kudzalamo chimanga. Anadinikiza. Dzenje panalibe. Anadinikiza phazi linalo, mwamphamvu ndithu, mpaka mwana anawamenya padzanja.

Abiti Uladi anati chala chawo n'chokalamba, sichingachitire umboni. Wapampando anati sikelo ikunena zina, chala chikunena zina, ndiye tipume kaye tione chionetsero cha kaphikidwe, mitima izizire.

5. Chionetsero cha phala

Mayi Janet anayala zinthu zawo pamkeka: mgaiwa, nsinjiro, matemba osinja ndi dzira lowiritsa losenda kale. Ali mkati mofotokoza za magulu atatu a zakudya, zolimbitsa, zokulitsa ndi zoteteza, Abiti Uladi n'kuti akufotokozera wapampando za akazi a ku Liwonde, omwe sanawaonepo. Palibe amene ankayang'ana mwana.

Mlembi yekha ndiye anaona, ndipo akulemba zimene anaona. Sidik anatsika pamiyendo pa mayi ake, anagwira mtolo wa bambo ake, naimirira. Anayenda dzandidzandi ngati munthu wochokera kumowa, kudutsa pamaso pa komiti yonse, natola dzira lija n'kuliponya m'kamwa lonse.

Kenaka Mayi Janet anati, "Gulu lokulitsa lapita."

Abiti Uladi anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, akupukuta m'maso ndi mpango, akuti munalowa utsi. Moto tinali tisanakoleze. Pomaliza anati, "Ndinanena ine kuti mazira amaphunzitsa kuba."

Wapampando anafunsa ngati mwana wa ndaka amayenda kukaba. Abiti Uladi anayankha kuti iwo sanabwere kudzafunsidwa mafunso.

6. Zomwe tagwirizana

Che Amosi akhale pamudzi. Akachoka kunyanja, mbale yoyamba ya matemba izilowa m'nyumba asanaone njira ya kumsika. Phala lipitirire, ndipo mwana abwerenso kusikelo mwezi wamawa.

Mazira azichokera m'khola la Abiti Uladi. Anena okha, kuti mdzukulu wawo asamakabe kwa anthu, manyazi angagwere mtundu wawo. Anapempha kuti zilembedwe kuti sanagonje. Ndalemba.

7. Zina ndi zina

Wapampando anakumbutsa za kukonzekera magule a pa 6 Julaye. Che Amosi anafunsa ngati angamasule mtolo. Apongozi awo anati mphasa yong'ambika yotere asaimasulire pagulu, akamasulire kunyumba.

Msonkhano wina udzakhalako Lachitatu pa 12 Julaye, pamalo omwewa. Tinatseka ndi duwa dzuwa lili pamutu.

Wapampando: Abiti Laisi (adinda chala)
Mlembi: Abiti Ajibu

Mukawerenga musaike kunsi kwa mphasa. Mupatsire mnzanu, ndipo amene sadziwa kuwerenga mumuwerengere, makamaka amene ali ndi mwana wotupa mapazi ndi nkhuku zodzaza khola. Muyambire kwa Abiti Sadiki, ngati mutu wabwerako kumsika.