Ndatsegula Nyumba Yanu Chifukwa cha Yankho

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ndine Felesiya, mwana wanu uja munkati pakamwa pake mpakuthwa ngati mpeni wosendera chinangwa. Dzinja lachitatu ili chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zaunjikana. Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Agnesi anabereka mwana wamwamuna m'nyengo yozizira yapitayi, wonenepa bwino, mphuno ngati yanu yomwe. Nandolo chaka chino wachita bwino moti tatopa ndi kumenya. Chimanga ndiye ayi. Kumunsi kwa munda, kumene madzi otsika m'phiri aja anasiya mchenga, sichikumeranso mwamphamvu, choncho tabzalako chinangwa. Mbuzi yanu yaikazi ija inafa ndi ukalamba, koma inatisiyira ana awiri osamva ngati make. Nyemba za kalongonda zija ndimaphika ndithu, koma a Lemani amuna anga amangoti, "Wayesetsa," ndipo ndimadziwa tanthauzo lake.

Tsono chimene ndakhalira pansi ndi ichi. Ndayambana ndi alongo anu, amalume a Simoni, ndipo ndatsegula nyumba yanu iwo asanalole. Muno mu Nkhulambe nkhaniyi yafika paliponse, aliyense akuikamba m'mene akufunira. Inu mumve kwa ine.

Mukukumbukira sukulu ya mkombaphala ija ndinayamba kuthandizako musanadwale? Inakula. Ana anapitirira makumi atatu, ndipo tinkakumana m'chigafa chakale cha fodya cha amalume, amenenso ndi wapampando wa komiti yathu. Ndilibe mabuku ambiri, ndilibe zidole. Chimene ndili nacho ndi chija munkachita nafe kunyumba. Nthawi ya phala ikakwana, ana amaima pamzere. Woyamba amathirira wachiwiri madzi osamba m'manja, wosambayo amati zikomo, n'kulandira kapu, n'kuthirira wotsatira, mpaka womaliza amabwerera kukathirira woyamba uja. Makolo ena ankaseka kuti ndikuchedwetsa ana ndi zachabechabe. Ine ndinkangokumbukira mawu anu aja, akuti mwana saphunzira ulemu ndi khutu, amaphunzira ndi manja.

Chaka chatha kunasamukira kuno mayi wina wamasiye dzina lake Dorofe. Simunamudziwe, ankakhala kutsidya kwa mtsinje mpaka madzi anamugwetsera nyumba. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi, Yankho, wa zaka zisanu, amene amadwala khunyu. Dorofe akamapita kukagwira ganyu ankamutsekera m'nyumba, poopa kuti angagwere pamoto kapena m'chitsime, komanso chifukwa anthu sankafuna kuti azisewera ndi ana awo. Tsiku lina m'mawa ndikudutsa pakhomo pawo ndinaona tizala titatu titatuluka pampata wa chitseko, tikugwedezeka, tikufuna kugwira nkhuku imene inkadutsa. Amayi, ndinaima pomwepo. Madzulo ake ndinabwererako n'kumuuza Dorofe kuti mawa abwere naye mwanayo kusukulu.

Musaganize kuti anali mwana wosavuta. Sankayankhula. Akalandira phala ankathawira nalo kuseri kwa mzati n'kumadya atafungatira mbale ngati wina amulanda. Kudikira pamzere sankakudziwa, ankangokankha anzake. Tsiku lachiwiri analuma mdzukulu wanu Takondwa pamkono mpaka mano kudinda. Takondwa anabwera akulira, akuti sadzamuthiriranso madzi. Ndinamufunsa kuti, "Iwe unaphunzira bwanji kudikira?" Anati anaonera anzake. Ndinati, "Nanga iye, m'nyumba yotseka muja, akanaonera ndani?" Mdzukulu wanuyo anaganiza, akusisita pamkono paja, kenako anati, "Chabwino, koma akandilumanso ndimulumanso." Apo ndinadziwa kuti magazi anu alimo.

Masabata atatu Takondwa anamuthirira madzi tsiku ndi tsiku, Yankho osanena kanthu. Ikafika nthawi yake yothirira wina, ankangoponya kapu pansi. Kenako tsiku lina, madzi akutsika m'manja mwake, tinangomva kamawu kakang'ono, "Komo." Ana onse anaomba m'manja okha, ine osawauza. Iye anachita manyazi n'kukabisala, koma mawa lake anatola kapu n'kuthirira mnzake bwinobwino, lilime lili panja chifukwa chosamala kuti asataye madzi. Mwana mmodzi yekha ndiye ankakana kuthiriridwa ndi Yankho: Linile, mdzukulu wa amalume a Simoni, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi kolamula anzake ngati agogo ake. Ankabisa manja kumbuyo n'kunena kuti kwawo anamuletsa.

Yankho anagwa koyamba pamaso pathu tili pakati pa nyimbo. Anauma, n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa. Ana anabalalika akukuwa, ena mpaka kukalowa m'munda wa nandolo. M'mawa mwake khumi ndi mmodzi sanabwere. Mukudziwa zimene anthu amanena kuno, kuti ukakhudza malovu a munthu wakhunyu nawenso uyamba kugwa. Nanenso ndinakula ndikumva zomwezo, ndipo sindikunamizeni, usiku umenewo ndinasamba m'manja kangapo. Kutacha ndinapalasa njinga mpaka kuchipatala kukafunsa. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wina wochokera kumpoto, anandiuza kuti khunyu sapatsirana ngakhale pang'ono, ndipo alipo mankhwala ochepetsa kugwako. Anabwera yekha kumudzi, anayankhula ndi Dorofe kuti aziyenda naye mwanayo kuchipatala, n'kuyankhulanso ndi makolo amene anafuna kumva. Amalume anaitanidwa, koma anati ali ndi ntchito kudimba.

Zimene anatiphunzitsa mlangiziyo ndinazisandutsa masewera. Takondwa ankanamizira kugwa, ndipo aliyense anali ndi ntchito yake. Awa achotse miyala ndi timipando, uyu aike nsalu pansi pa mutu, uyu athamange kukaitana aphunzitsi. Osamupana, osamuika kanthu m'kamwa. Kuphupha kukatha, timugoneke chammbali. Ndipo akatsegula maso, tisamuunjirire ngati taona njoka, tingomuuza kuti, "Tili pano." Ankasewera akuseka, Takondwa akudzigwetsa mokokomeza, ndipo sindinkadziwa ngati zikulowa m'mutu.

Zinalowa, Amayi. Tsiku limene Yankho anagwanso ine ndinali kumjigo kukatunga madzi. Ndinangoona mwana akubwera chothamanga akundiitana. Ndinataya ndowa. Pofika m'chigafa ndinapeza timipando tasunthidwa, juzi ya Takondwa ili pansi pa mutu wa Yankho, ana ataima patali pang'ono. Ndipo amene anagwada pambali pake, akumupukuta kukamwa ndi mpendero wa diresi lake, anali Linile. Ankaopa, koma sanachoke. Ankangobwereza kuti, "Tili pano, Yankho, tili pano." Yankho atatsitsimuka anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wosokera, n'kugwira chala cha Linile osachitaya. Masana ake pamzere Linile anatambasula manja ake onse awiri kuti Yankho amuthirire.

Linile anapita kwawo akunyadira, n'kukafotokozera agogo ake zonse. Amalume anamuvula diresi lija n'kuliwotcha pabwalo.

M'mawa mwake anandipeza ndikusesa m'chigafa. Sanakhale pansi, ngakhale ndinawapatsa mpando.

"Felesiya, mwana wa mayi wobwera uja achoke lero. Apo ayi, chigafa changa mutulukemo nonse."

Ndinagwada monga munandiphunzitsira. Ndinati, "Amalume, ndimakulemekezani, ndinu mwini mbumba. Koma mwanayu sachoka. Achipatala anena kuti matendawa sapatsirana."

"Achipatala adzabwera kudzandilerera mdzukulu akayamba kugwa? Wayamba mwano iwe. Mayi ako akanakhala moyo sukanandiyankha chonchi."

Apa ndiye pakamwa panga paja panatseguka. Ndinati, "Akanakhala moyo akanakukumbutsani chaka chija munadwala chifuwa chachikulu. Anthu anakupatulirani mbale ndi kapu, ena anasiya kulowa m'nyumba mwanu. Anakusambitsani ndani? Ankakuchapirani nsalu zokhosomolera ndani? Ine ndinali wamng'ono koma ndinkaona, ndipo ndi pamenepo pamene ndinaphunzira zimene mukuti mwanozi."

Ndinaganiza kuti mwina afewa. Ayi. Anatembenuka n'kumapita. Pofika madzulo anali atatchinga chigafa ndi minga n'kumangiriramo mbuzi zawo.

A Lemani anandipempha kuti ndikapepese. Anati, "Ine ndine mkamwini pano, sindingalimbane ndi eni mudzi. Ukaputa amalume ako, tonse tilowa m'madzi." Sindinawakwiyire, chifukwa ankanena zoona. Dorofe naye anabwera akulira, akuti bola amutenge mwana wake kuti ana a eni ake apitirize sukulu, iye anazolowera kale kusalidwa. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Ukamutsekeranso m'nyumba, ana enawa aphunzirapo chiyani? Aphunzira kuti mnzako akagwa umamutaya. Ndawaphunzitsa miyezi yonseyi kuti azithirirana madzi, ndiye lero ndiwaonetse kuti zonse zija zinali zonama? Ine ayi."

Nyumba yanu inali chitsekere kuyambira pamaliro. Amalume ananena kuti isakhudzidwe mpaka titamanga chiliza, ndipo kiyi anasunga iwo. Ndinatenga nyundo ya a Lemani n'kuthyola loko dzuwa lili pamutu, aliyense akuona, kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinachita mobisa. M'katimo munali fungo la makoswe ndi fumbi. Chitenje chanu chobiriwira chinali chikadali pachingwe pamene munachisiya. Ndinachikumbatira n'kulira mpaka mutu kuwawa, kenako ndinapukuta maso n'kuyamba kusesa. Agnesi anabwera ndi khanda kumbuyo kudzandithandiza kuzira pansi. A Lemani nawo ndinawapeza ali padenga akutseka pamene pamadontha.

Tsiku loyamba anabwera ana asanu ndi awiri okha. Lero tili khumi ndi asanu ndi anayi. Ena makolo awo anabwera nawo mwamanyazi, ena anangotopa ndi kulira kwa anawo. Pakhonde panu pamene munkasankhira nyemba ndi pamene pali mzere wosamba m'manja. Yankho akumwa mankhwala, kugwa kwachepa ngakhale sikunatheretu. Tsopano amalongolola mpaka ndimachita kumuletsa, ndipo mwana watsopano akabwera akulira, iye ndi amene amakamukhalira pafupi n'kumugawira chinangwa chake. Munkanena kuti zikomo ndi mbewu, ukaisunga m'kamwa imafumbwa. Bwerani mudzaone m'mene yamerera pakhomo panu.

Linile sanabwererenso, amuletsa. Zimenezi zimandipweteka kuposa china chilichonse. Koma dzana ndinali kumjigo, amayi ali ambirimbiri pamzere. Yankho anabwera ndi kandowa kake, ndipo atadzaza analephera kukasenza. Amayi akuluakulu anangoyang'ana kumbali, wina mpaka anasuntha ndowa yake kuti isakhudzane ndi ya mwanayo. Linile anali pomwepo ndi agogo ake aakazi. Anatula chigubu chake, n'kupita, n'kumukonzera nkhata, n'kumusenza. Agogo akewo anakuwa kuti, "Linile, tabwera kuno msanga!" Mwanayo anayankha kuti, "Ndikubwera, agogo, ndithe kaye." Anadikira mpaka Yankho atayamba kuyenda bwinobwino, ndiye n'kubwerera. Diresi anawotcha, Amayi, koma icho chinalowa m'mwanamo sachipeza kuti achiwotche.

Amalume sayankha moni wanga. Ine ndimawapatsabe tsiku lililonse, mokweza, kuti ana aone. Aitanitsa msonkhano wa banja Loweruka likubwerali, ndipo ndamva kuti akufuna kundilanda munda wa kudambo uja munandisiyira, umene umatidyetsa mpunga, ati kuti ndidziwe kuti mbumba ili ndi mwini. Ndikanena kuti sindikuopa ndiye kuti ndikunama. Popanda munda umenewo chaka chamawa chidzativuta. Koma ndikapita, ndikagwada, ndikamvetsera mpaka amalize, ndipo akakafunsa ngati ndasintha maganizo ndikawauza kuti ayi. Ngati ndinalakwa pothyola loko, wondiweruza ndinu eni nyumba, ndipo ndikukudziwani: mukanandibwereka nyundo.

Ndikulonjezani ichi. Chiliza chanu tidzamanga tikakolola, kaya munda atenga kaya asiya. Ndipo Lolemba m'mawa, zivute zitani, ndidzatsegula chitseko chanu, ndipo mwana aliyense wofika pakhomopo adzalowa.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ine mwana wanu wosamva uja,
Felesiya