Agogo Ako Sanagone

Lolemba, 3 Malichi
Sabata yachitatu kwa mwana wanga. Akuti ndisamakhale ndekha chitisiyireni bambo ake, koma ndaona, ankafuna mlezi. Mdzukulu, zaka zitatu sizinakwane, timangoti Abwana. Kugona ndiye nkhondo. Ndam'sambitsa madzi ofunda, ndam'bereka mpaka chiuno kulira. Maso ali tong'o. Make amam'patsa foni kuti atonthole. Ife tinalera ana asanu ndi mmodzi, foni inalipo?

Lachitatu, 5 Malichi
Mpongozi wabwera chala chomanga. Anawodzera pamakina kosoka zovala kuja, singano n'kumulasa. Akapitawo ati akadzawodzeranso ntchito yatha. "Amayi, masiku anayi sindinaone tulo." Ine n'kumuyankha kuti achepetse maswiti a mwana. Pakamwa pangapa! Mtsikana waonda, khosi ngati la botolo. Abwana ndawatengera kuchipinda kwanga, iye apumeko.

Loweruka, 8 Malichi
Nyimbo zandithera. Amayimba nawo, kuwomba m'manja, kupempha ina. Kuzimitsa nyali, kukuwa ngati wapsa. Ine ndikangoti nditsinzine, tizala m'maso mwanga, kukanula zikope. "Gogo ayi! Dzuka!" Ndinam'menya pakadzanja. Analira. Nanenso.

Lachiwiri, 11 Malichi
Masana ndikusita. Abwana agoneka kagalu kawo kachidole pansi pa tebulo, akafunditsa thaulo mpaka kumutu. Ndati, galu wadwala kodi? "Wagona. Sabweranso. Ngati agogo aamuna."
Malaya a mwana wanga apsa pakolala.
Wolakwa ndine. Tsiku la maliro anandikoka chovala kufunsa agogo ake, ine n'kuti agona, mwanawe, usasokose. Kanasunga mawuwo. Ndiye madzulo alionse anthu atatu akuluakulu kumuzinga, gona, gona, gona! Ndani angavomere? Ndinanena foni, ndinanena maswiti, ndinanena mwana wa eni. Mfiti ili m'kamwa mwanga momwe.

Lachinayi, 13 Malichi
Ndamuuza mpongozi tikutsuka mbale. Ndimati andibwezera, ndipo akanakhoza. Wangotsuka kapu imodzi nthawi yaitali. "Ndiye mumuuze ndinu, amayi."
Liwu limenelo sindinalitchulepo. Kwa anthu ndimati anatisiya, anatsogola, anapuma. Ine amene ndinatukwanapo kondakitala mpaka basi yonse kuwomba m'manja, liwu limodzi kundikanika.

Loweruka, 15 Malichi
Dzulo ndinalephera. Lero nditam'sambitsa, ndikum'dzoza mafuta, ndinayang'ana timapazi take osati nkhope. Ndati, amunanga, agogo ako sanagone. Anamwalira. Gogo ananama. Womwalira sadzuka, wogona amadzuka, ngakhale bambo ako aulesiwo amadzuka.
"Iwe udzuka?"
Ndati taona. Ndagona, nkonono wabodza, kenako ndadzuka! Kuseka mpaka ntchofu. Kasanu ndi kawiri, msana wanga ukudziwa. Kenako iye. Kutsinzina, ndadzuka! Kutsinzina, ndadzuka! Kachitatu zii.
Ndinaika khutu pachifuwa pake. Nkhalamba yopusa. Mpongozi anaima pakhomo, manja pakamwa, osayerekeza n'kupuma komwe.

Lachisanu, 21 Malichi
Masiku asanu ndi limodzi. Lachiwiri lokha anavutako, tinachita masewera athu kanayi. Chala cha mpongozi chapola, ntchito ilipo, dzulo anaimba akusesa. Mawu oipa, koma ndinamusiya aimbe. M'mawa Abwana amadutsa zipinda zonse kulengeza kuti adzuka, ngati tiwalipira.
Lero wauza wogulitsa makala pageti, mokuwa, "Agogo anga anamwalira!" Bamboyo anavula chipewa, kundipepesa. Ndinayankha bwinobwino. Nditalowa m'nyumba ndinakhala pansi m'khitchini. Zaka makumi anayi ndi zinayi tili pabanja. Kani mwana yekha ayi, nanenso ndimadikira kuti agogo akewo adzuke.