Chingwe Chofiira cha Dontrell

Okondedwa achemwali a Loretta,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kukuvutani. Kuno ku Toledo tilipo, kungoti kuzizira kwayamba msanga, ndiye mphumu ya mwana wathu Dontrell yayambiranso. Watalikatu mnyamatayu, nsapato za bambo ake zikumuthina.

Kusukulu kwawo aikako wapolisi, bambo Hruska. Ndi munthu wabwino ndithu, ana onse amawadziwa mayina, mpira amasewera nawo. Pamsonkhano wa makolo tonse tinawomba m'manja, inenso ndinawomba. Koma mfuti ili m'chiuno mwawo, achemwali, ndipo Dontrell akabanika salankhula, amangothamangitsa dzanja m'thumba kufuna kampope kake ka mankhwala. Nanga wapolisi akaganiza kuti akutulutsa chida?

Ndiye kampopeko ndinakamangirira pa chingwe chofiira kuti azikavala m'khosi. Anayamba wakana. "Amayi, ndine mbuzi ine? Anzanga andiseka." Ine ndinati, "Akuseke, bola manja ako azioneka."

Lachiwiri bambo Hruska anandiimitsa pageti. "Mayi, chingwe chija n'chachiyani?" Ndinanama kuti mwanayu amataya zinthu. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Ndamuuza kuti akabanika azithamangira kwa ine. Mwana ameneyu ndikumudziwa." Ndinawathokoza kwambiri, ndipo ndikuwakhulupirira.

Kungoti akuti mwezi wamawa akuwasamutsa, kubwera wina.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ngati ukadalipo ulusi wolimba uja munkalukira zipewa, nditumizireniko. Chingwechi chayamba kutha.

Ndine mng'ono wanu,
Yvonne